Bwalo Losewerera Pamudzi Pomwe Malo Ndi Ochepa

Kumadera ena a dziko lino, chimanga chikangochoka m'munda mu Meyi ana amapeza bwalo la mpira laulere, ndipo amasewerapo mpaka mvula yoyamba. Ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu, sizitheka. Chimanga chikachoka, nandolo amatsala chiimire mpaka Seputembala kapena Okutobala, pena chinangwa, pena mbatata, ndipo nandolo akangothyoledwa makasu alowa kale kugalauza mizere. Mwana amene chikulunga chake chagwera m'munda wa eni amabwera kunyumba ndi mlandu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, ndiye kuti anthu oposa 450 pa sikweya kilomita iliyonse. Tsono ana amasewera pamene patsala: pamsewu pothamanga njinga zamoto za kabaza, m'maenje owumbamo njerwa, kapena sasewera n'komwe, amangothithikana m'kachipinda ka vidiyo pamsika.

Malangizo ano ndi a mabanja 10, 20 kapena 30 oyandikana amene akufuna kuti pamudzi pawo pakhale poti mwana athamange, mtsikana aponye mpira, agogo akhale pamthunzi. Ntchitoyi ili ndi poyambira pake: malo choyamba, kenaka madzi ndi mthunzi, zitsulo ndi mipira pomaliza. Ambiri amayambira kumchira. Amasonkha ndalama, nagula mpira ndi yunifolomu, nazika mitengo ya golo pamalo obwereka, ndipo zaka ziwiri zisanathe mwini malo wapangapo mizere. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.

Mapaki a m'mizinda nawo adabadwa chifukwa cha kupanikizana komweku. Ku England, mafakitale atadzaza anthu m'matauni, antchito ndi ana awo adasowa kopitidwa mphepo, pakuti minda yokongola inali ya mabwana. Mu 1847 tauni ya Birkenhead, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Liverpool, idatsegula paki yokonzedwa ndi ndalama za anthu onse, yoti aliyense alowemo osalipira. Frederick Law Olmsted wa ku America adaiona mu 1850, ndipo mu 1858 iye ndi Calvert Vaux adapambana mpikisano wojambula Central Park ya ku New York. Kwathu kuno munda wa zomera wa ku Zomba udayamba mu 1891 ndi Alexander Whyte, nthawi ya atsamunda Harry Johnston akulamulira, koma cholinga chake chinali kuyeserapo mbewu ndi mitengo, osati kuti ana a Amalawi azikasewerako. Ku Blantyre, bwalo limene tikulitcha Kamuzu Stadium lidamangidwa mu 1955, ndipo kale linkatchedwa Rangeley Stadium. Ku Njamba, komwe nthawiyo kunkatchedwa Kwacha Park, ndiko Papa John Paul II adachitira misa mu Meyi 1989. Chimene chimakokera khwimbi la anthu ku Njamba si zoseweretsa ayi. Ndi malo otambasuka amene adapatulidwa nyumba zisanafikepo.

Komatu mudzi udali ndi paki yake Whyte asanabzale kalikonse ku Zomba. Bwalo la mfumu, pansi pa kachere kapena mkuyu, ndi pamene ankaweruzirapo milandu m'mawa, kuvinirapo tchopa kapena manganje madzulo, ndi kusewerapo ana chipako ndi chibisaliro mwezi ukawala. Mabwalo ambiri oterewa sadalandidwe tsiku limodzi. Adatha mzere umodzi umodzi: chaka chino woyandikana naye walowa ndi mizere iwiri, chaka chamawa wina wamanga khitchini pangodya, mtengo uja wadulidwa pootcha njerwa. Popeza bwalo linali la aliyense, panalibe woti alilirire. Ntchito yanu yeniyeni ndi kutseka mpata umenewu.

Malo, ndi amene ali ndi mawu pa malowo

Kuno dothi limayenda ndi mbumba. Munda ndi wa amayi, abale awo aakazi ndi ana awo aakazi, ndipo mwinimbumba ndiye amauyang'anira. Mkamwini, kaya ndi wapampando wa timu, kaya walima mundawo zaka 20, sangaupereke. Choncho komiti yanu isakhale ya anyamata a mpira okhaokha. Muikemo amayi a m'mbumba zimene zazungulira malowo, chifukwa ndi iwo amene adzakhala pomwepo amuna atapita ku Limbe, ku Joni kapena kwawo. Mukagwirizana, pitani kwa nyakwawa musanauze munthu aliyense wakunja. Mfumu imene yamva za bwalo la m'mudzi mwake kuchokera kwa khansala siiwala msanga.

Malo amapezeka m'njira zingapo, ndipo yachidule ndi bwalo la sukulu ya pulayimale, chifukwa lilipo kale ndipo malire ake ndi odziwika. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu pamodzi ndi komiti ya sukulu kuti mudzi uzisewerapo ana akaweruka ndi kumapeto kwa sabata, inu muzitchetcha udzu, kubzala mitengo ndi kusamala chimbudzi. Vuto lake n'lakuti sukulu imakhala kutali ndi mwana wa zaka zinayi, ndipo ikafuna kumanga buloko yatsopano imamanga pabwalo pomwepo. Malo a tchalitchi kapena a mzikiti ndi abwino ngati atsogoleri avomera poyera kuti mwana wa chipembedzo chilichonse azisewerapo. Bwalo lakale la mfumu, ngati kachigawo kake katsala, liposa onsewa. Pomaliza pali malo oguga, a miyala ndi nsangalabwi, pomwe chimanga chimabereka zitsononkho zokhazokha. Amenewa eni ake savuta nawo kwambiri, ndipo bwalo silifuna nthaka ya chonde.

Chimodzi chokha musachite: kupanikiza mayi wamasiye kapena gogo wopanda omulankhulira kuti apereke munda wake "chifukwa cha chitukuko". Central Park yotchuka ija idasamutsa anthu pafupifupi 1,600, kuphatikizapo a mudzi wa Seneca Village, omwe ambiri anali akuda, ndipo nkhaniyo ikukambidwabe mpaka lero. Pamudzi chidandaulo chotere sichidikira zaka 100. Adzukulu a gogoyo adzabwera ndi makasu tsiku lotsatira sadaka. Banja likapereka malo, lipatsidwe kanthu, kaya malo ena osinthanitsa kaya matumba a chimanga pachaka, ndipo zilembedwe.

Malo ena akanidwe ngakhale aperekedwe ulere. Dambo limawoneka losalala bwino mu Ogasiti, koma kuyambira Januwale mpaka Epulo ndi matope, komanso ndi la madimba. Pakhwawa ndi patsinde pa phiri lopanda mitengo musayese. Anthu a ku Chiradzulu safunika kuwafotokozera zimene namondwe wa Freddy adachita pamudzi wa Ntauchira mu Malichi 2023. Pewaninso pansi pa nthambo za magetsi, m'mphepete mwa msewu wodutsa magalimoto, ndi pafupi ndi manda. Ngati pali dzenje la njerwa chapafupi, likwirireni musanatsegule bwalo, chifukwa madzi ofika m'mawondo a munthu wamkulu ndi okwanira kumiza kamwana.

Mgwirizano ulembedwe m'Chichewa, papepala limodzi: malowo ndi otalika bwanji, wapereka ndani, kwa zaka zingati, ntchito yake ndi yanji, ndipo mitengo yobzalidwapo idzakhala ya yani. Asayine kapena kudinda chala mwinimbumba, amayi eni munda, nyakwawa, a gulupu ndi wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC). Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo pansi pa magulupu, ndipo ngati kwanu komitiyi ikugwira ntchito, nayo ilandire pepala lake. Jambulitsani mapepala anayi, asagone nyumba imodzi. Mukatero yendani malire onse masana, anthu akuona, ndipo muitane ana a zaka 10 kapena 12 ayende nawo. Akuluakulu amene asayina lero adzapita, koma mboni zazing'onozi zidzakumbukira pamene padali mwala. Pangodya iliyonse zikani mwala waukulu ndi kubzala mtengo, ndipo m'malire monse mudutse mzere wa vetiva. Mwala umasunthika usiku, koma vetiva wokhwima sazulika popanda kusiya chipsera chooneka ndi aliyense.

Kuyeza

Apa ndi pamene mikangano imayambira, chifukwa anyamata amafuna bwalo "la saizi". Bwalo la mpira wa miyendo la akuluakulu limatalika mamita 90 mpaka 120, mulifupi mamita 45 mpaka 90. La mamita 100 kwa 64 limadya ekala imodzi ndi theka n'kupitirirako, ndipo ku Ndunde amenewo ndi minda ya mabanja angapo. La mamita 60 kwa 40 limakwanira osewera 7 mbali iliyonse, ndipo ndi loposa pang'ono theka la ekala. La mpira wa manja ndi mamita 30.5 kwa 15.25 basi. Mukasiya mamita atatu mbali zonse, simufika n'komwe pa kota ya ekala.

Ine ndikuti, malo akachepa yambani ndi la mpira wa manja. Anyamata ali ndi miyendo yokafika kubwalo la sukulu, ndipo palibe amawafunsa kuti wachedwa kuti. Mtsikana amasewera pakati pa kutunga madzi ndi kuphika, ndipo bwalo likakhala kutali sapita. Komanso ndi masewera amene dziko lino limadziwika nawo: ma Queens, timu ya dziko lino, adagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth a 2018 ku Gold Coast, ndipo katswiri wawo Mwawi Kumwenda adayambira kumudzi ku Mzimba. Pabwalo lomwelo ana aang'ono amenya chikulunga m'mawa, atsikana asewera fulaye ndi jingo, ndipo mukazika mitengo iwiri pakati mwapeza la volebo, lomwe ndi mamita 18 kwa 9.

Musayeze ndi mapazi. Bwerekani tepi kwa mmisiri womanga nyumba, mugule chingwe ndi kusema zikhomo. Kuti ngodya ikhale yolunjika, khomani chikhomo pangodya, muyeze mamita 3 kutsata mzere umodzi, mamita 4 kutsata mzere winawo, ndipo musunthe mpaka pakati pa nsonga ziwirizo pakhale mamita 5 ndendende. Mukamaliza ngodya zonse zinayi, yezani mopingasa kuchoka pangodya kufika pangodya yoyang'anana nayo. Miyeso iwiriyo ikafanana, bwalo lili bwino. La mpira wa manja ligaweni patatu mofanana, ndipo malo ogoletsera, ooneka ngati theka la mwezi, ajambuleni ndi chingwe cha mamita 4.9 chomangirira pamtengo wa golo. Ngati malo alola, magolo ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Masewera a kumudzi amachitika dzuwa litapendeka, ndipo goloboyi woyang'ana kumadzulo saona mpira.

Mizere muzilemba ndi phulusa losefa kapena mchenga woyera. Laimu womangira amawotcha khungu, makamaka mwana akagwera pamzere ali ndi thukuta. Tingalande timene ena amakumba kuti mzere usafufutike ndi timene timabinya akakolo.

Madzi, udzu ndi mthunzi

Malo ambiri a kuno ndi otsetsereka, ndiye mdani wamkulu wa bwalo ndi madzi othamanga. Mizere yakale iphwasulidwe mu Ogasiti kapena Seputembala, dothi la kumtunda likokeredwe kumunsi, zitsa zizulidwe ndi mizu yomwe, maenje akwiriridwe ndi kutsenderedwa. Chulu chaching'ono chiphwasulidwe mpaka pansi, apo ayi chidzameranso. Musalimbane kuti bwalo likhale lathyathyathya, lisiyeni lopendekeka pang'ono kuti madzi asadikhe. Kumtunda kwa bwalo kumbani ngalande yopingasa yoti igwire madzi ochokera m'minda ndi m'madenga a malata. Alangizi a zaulimi ali ndi chingwe ndi levulo zimene amayezera akalozera, ndipo ntchitoyi ndi yomweyo. Onetsetsani kumene ngalandeyo ikutaya madzi. Ikalunjika kumunda kapena kukhonde la mnansi, mwagula mlandu ndi thukuta lanu. Pamlomo pa ngalande ndi kumunsi kwa bwalo bzalani vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15.

Udzu woyenera ndi kapinga, chifukwa amayanga, amapirira kupondedwa, ndipo amadzuka mvula ikangogwa. Zulani timitsitsi take m'mbali mwa njira, mubzale motalikirana phazi limodzi mvula itakhazikika mu Disembala kapena Januwale, ndipo mutseke bwalo milungu 6 mpaka 8. Kutsekako ndiko kovuta, ana adzalira. Bzalani theka chaka chino, theka linalo chaka chamawa, kuti pakhale posewera nthawi zonse. Pa zotchetcha, Chiradzulu ali ndi mwayi wake: alimi a ng'ombe za mkaka amasowa udzu wopatsa ng'ombe za m'khola. Gwirizanani ndi mmodzi kuti azimweta m'mbali mwa bwalo, iye azibweza ndi ndowa za manyowa owolerana. Mbuzi zokha musalole kuzimangirira pabwalo, chifukwa zikhomo zake zimatsala m'dothi n'kubaya mapazi.

Mitengo ibzalidwe chaka choyamba chomwecho, zina zonse zisanagulidwe, popeza ndi yokhayo imene ndalama singaifulumizitse. Yambiri ikhale kumadzulo kwa bwalo kuti mthunzi wa masana ugwere oonerera, ndipo italikire mzere wa bwalo ndi mamita osachepera 5. Sakanizani yofulumira ndi yokhalitsa. Keshya ndi mtangatanga zimapereka mthunzi pakangotha zaka zochepa. Mbawa ndi msikidzi zimachedwa, koma ndi zimene adzukulu adzakhale pansi pake, ndipo msikidzi sutaya masamba onse m'chilimwe. Msangu uli ndi khalidwe lake: umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuvala nthawi ya dzuwa, ndiye mu Okutobala umakhala ndi mthunzi, ngakhale uli ndi minga ukadali waung'ono. Kachere amaphuka mukangozika nthambi yaikulu, koma mizu yake imang'amba maziko, choncho akhale kutali ndi chimbudzi ndi nyumba. Mango ndi abwino, bola mugwirizane lero kuti zipatso zake ndi za ana onse, ndipo mudziwe kuti kuyambira Novembala miyala idzauluka. Asakhale pamwamba pa malo a ana aang'ono.

Bulugamu asabwere pafupi. Amaumitsa nthaka, pansi pake sipamera udzu, amagwetsa nthambi mosachenjeza, ndipo akakula wina adzamuona ngati milimo ya denga. Pampanda musabzale nkhadze, utomoni wake umawononga maso. Nsatsi nazo ayi, chifukwa njere zake ndi poizoni, ndipo khonje ali ndi nsonga zolasa pamsinkhu wa nkhope ya mwana.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mbande yobzalidwa mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanazame. Bzalani Januwale asanathe. Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi la pamwamba lisakanizidwe ndi ndowa ya manyowa n'kubwerera pansi. Tchingani mbande iliyonse ndi nsungwi kapena minga, ndipo zinyalala zophimbira zisakhudze tsinde chifukwa zimaitana chiswe. Mitengo ya "tonse" imafa mu Okutobala woyamba. Gawani: banja lililonse litenge mitengo iwiri kapena itatu yodziwika, lizithirira chigubu cha malita 5 kawiri pa sabata m'chilimwe choyamba, ndipo ukafa libzale wina. Manyazi a mtengo wouma umene mudzi wonse ukudziwa mwini wake amagwira ntchito kuposa faindi.

Zoseweretsa

Golo la akuluakulu ndi mamita 7.32 mulifupi ndi 2.44 kutalika, koma pabwalo laling'ono mamita 5 kwa 2 akwanira. Mitengo yoimirira izikidwe masentimita osachepera 60, ndipo mbali yolowa pansi muiwaule pamoto kuti chiswe chichedwe. Oilo wakuda wa galimoto, amene ambiri amapaka, asafike pamene ana amagwira. Mtengo wopingasa ndiye woopsa, chifukwa ana amalendewerapo, kaya muletse kaya musaletse. Ukhale nsungwi yokhwima, yopepuka, yomangidwa ndi mabawuti kapena waya wolimba, osati chimtengo cholemera chogwidwa ndi misomali iwiri. Mtengo wa mpira wa manja ndi mamita 3.05 kuchoka pansi, ndipo mkombero wake ndi masentimita 38 m'kati. Wowotcherera aliyense pamsika angaupinde ndi chitsulo chomangira nyumba.

Ana ochepera zaka 6 akhale ndi ngodya yawo, kutali ndi kuseri kwa golo kumene mipira yamphamvu imagwera. Katungwe asapitirire mamita 2.5 kutalika, mitengo yake izikidwe mozama ndi kuchirikizidwa, pokhalira pakhale masentimita 40 mpaka 50 kuchoka pansi. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake siyani malo opanda kanthu otalika kawiri msinkhu wa katungweyo, muthirepo mchenga wa kumtsinje wokhuthala masentimita 30. Dothi lofiira la kuno likauma mu Seputembala silisiyana ndi simenti. Chingwe cha nayiloni chimafumbwa ndi dzuwa chikuwoneka chabwinobwino, ndiye munthu wamkulu azichiyesa ndi thupi lake mwezi uliwonse. Matayala akale ndi abwino pokhalira, podumphira ndi potchingira mchenga, malinga asaonetse mawaya. Aboolani pansi kuti asasunge madzi, kupanda kutero mwakonzera udzudzu pogona. Mukamanga makwerero kapena kampanda, mipata yake isakhale ya pakati pa masentimita 9 ndi 23, pakuti mumpata wotere thupi la mwana limadutsa koma mutu umakanirira. Zina zonse ana adzabweretsa okha. Phada amangofuna dothi losalala ndi kaphale, ndipo masanje amafuna mthunzi ndi zitini.

Pansi pa mtengo umene uli ndi mthunzi kale, ikanipo benchi ndi bawo. Ngati pali thumba limodzi la simenti, umbani bawo pabenchi pomwepo: mizere inayi ya maenje 8, onse pamodzi 32, oboola ndi tako la botolo simenti isanaume. Nkhomo zake ndi 64, ndipo azisunga ndi mmodzi wa osewera. Bawo limeneli si lokongoletsa. Pamene pakhala agogo awiri kapena atatu masana onse, palibe amazula mtengo wa golo kukakoleza moto, ndewu za ana zimatha zisanakule, ndipo munthu wa zolinga zoipa kwa atsikana sayandikira. Ndi ulonda umene simudzalipira. Musaiwale mkeka kapena benchi ina ya amayi, yoyang'ana kungodya ya ana aang'ono.

Bwalo lopanda chimbudzi limasandutsa minda yoyandikana nayo kukhala chimbudzi, ndipo eni mindayo ndi amene adzayambe kulitsutsa. Kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kumbani zimbudzi ziwiri, cha amuna ndi cha akazi, kumunsi kwa malo, mamita osachepera 30 kuchoka pachitsime kapena pamjigo. Zikhale ndi zitseko, chivundikiro pabowo, ndi mpondagiya wa madzi ndi sopo kapena phulusa panja. Khomo la cha akazi lisayang'ane kuthengo, lizioneka kuchokera pabenchi. Alangizi a zaumoyo a kuchipatala cha Ndunde angakuthandizeni kusankha pokumba.

Malamulo ochepa, osungika

Nthawi igawidwe poyera, apo ayi anyamata aakulu adzatenga bwalo lonse masiku onse, osati mwa nkhanza koma chifukwa ndi amene amafika ndi mpira weniweni. Atsikana apatsidwe masiku awo ndi maola amene angathedi kubwera. Afunseni okha, musawasankhire. Ana aang'ono akhale ndi m'mawa wa Loweruka. Lachisanu masana, Loweruka ndi Lamulungu m'mawa muganizire opemphera a m'mudzimo, ndipo pakagwa maliro bwalo litsekedwe mpaka anthu atabwera kumanda. Mowa ndi juga zisaloledwe. Mabotolo osweka ndi amene amadula ana, ndipo kubetcha ndi kumene kumasandutsa mpira wa midzi iwiri kukhala nkhondo.

Lamulo la mphenzi lisakhale lokambirana. Bingu likangomveka, masewera aime, kaya chigoli chili pafupi, ndipo anthu alowe m'kalasi, m'tchalitchi kapena m'nyumba, osati pansi pa mitengo ija mwabzala. Adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Woyimbira mpira apatsidwe mphamvu imeneyi pamaso pa mfumu kuti asaope kutukwanidwa. Mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, kenaka n'kusanza kapena kuwodzera, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Wothyoka asakokedwe "kuti fupa libwerere", amangidwe ndi kathabwa n'kunyamulidwa. Nambala ya 116, yothandiza ana ochitiridwa nkhanza, ilembedwe pakhoma la chimbudzi.

Za ndalama, tengerani nzeru kwa amayi a banki mkhonde: bokosi limodzi, maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, kope limodzi lowerengedwa pagulu miyezi itatu iliyonse. Bwalo lingathe kudzipezera zake. Ukwati, msonkhano wa chitsitsimutso kapena bonanza zizilipira kangachepe, ndipo obwereka asese asanachoke. Lole kapena galimoto isalowe pabwalo nthaka ili yonyowa, chifukwa matayala amasiya mikwasa imene imatenga chaka kuti ithe. Zazikulu, monga mjigo, silabu ya chimbudzi kapena giredala yoti isalaze pamene ikukonza msewu wapafupi, zipempheni kudzera ku VDC ndi komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kuti zikafike kwa khansala ndi phungu. Pepala la mgwirizano lija mupite nalo, popeza funso loyamba kukhonsolo limakhala loti malowo ndi a yani. Nthawi ya kampeni mipira ndi yunifolomu zimabwera zokha. Landirani kwa aliyense, lembani m'kope tsiku ndi chiwerengero chake, zisungidwe kwa msungichuma osati kwa kaputeni, ndipo bwalo lisatchedwe dzina la wopereka kapena kupakidwa mtundu wa chipani. Chipani chilichonse chofuna kuchititsa msonkhano chilipire mtengo wofanana ndi wa ukwati.